Kanema atatha ndi pomwe nkhani inayamba

Ine kumudzi ndinapitira nandolo basi, sindikunama. Mayi anandiimbira Lachinayi kuti anganga akudandaula zoti chibwerereni kumaliro a chaka chatha sindinapondekonso, ndipo thumba langa la nandolo lithera anankafumbwe ndikapanda kukalitenga. Ndiye Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ku Limbe, kutsata msewu wa Midima, kutsika pa Nguludi Turn-off, kenako kabaza mpaka kwathu, mbali ya ku PIM, m'boma la Chiradzulu. Maganizo anga anali oti ndigona usiku umodzi, Lamulungu masana ndikhale nditabwerera m'tauni.

Nditafika ndinapeza ana ali yakaliyakali ngati kuli ukwati. Kufunsa, akuti madzulo kuli kanema waulere pabwalo la sukulu. Ndinaseka. Ine amene ndimadyera kulemba za pa intaneti, foni yodzadza ndi YouTube ndi TikTok, ndikakhale pafumbi kuonera kanema wa pachinsalu? Koma mng'ono wanga wa zaka 17, mwana wa mayi aang'ono, anandigwira dzanja.

“Achemwali, mundiperekeze chonde. Ndekha mayi sangandilole kuyenda usiku.”

Unali mwezi wa Ogasiti, kamphepo kachiperoni kasanatheretu. Ndinavala juzi, kutenga chitenje, ulendo. Zomwe zinachitika usiku umenewo ndi zomwe zandilembetsa nkhaniyi. Mng'ono wangayo wandiloleza kuilemba, bola ndisatchule dzina lake ngakhale la mudzi wathu, ndipo lonjezo limenelo ndisunga.

Chinsalu pakhoma, jenereta ya ometa tsitsi

Anakonza zonsezi ndi achinyamata a gulu la m'deralo. Purojekita anachita kubwereka. Chinsalu chinali nsalu ziwiri zoyera za pabedi, zolumikiza pamakina osokera n'kuzikhomera pakhoma la kalasi. Masipika anali a kwaya ya kutchalitchi, jenereta ya mnyamata wometa tsitsi pamsika, mafuta ochita kusonkherana.

Anthu anakhala monga timakhalira pamsonkhano uliwonse wa kumudzi: amayi pazitenje mbali iyi, abambo pamabenchi ndi pamakaliyala a njinga mbali inayo, anyamata kumbuyo kwenikweni manja ali m'matumba, kuti aoneke ngati angodutsa. Amfumu anawaikira mpando kutsogolo, pambali pawo panakhala alangizi a zaumoyo. Anayamba ndi nyimbo ndi katuni ya ana. Itatha katuniyo, mtsikana wotsogolera mwambowo anapempha kuti ana aang'ono aperekezedwe kunyumba. Ena anapitadi, ena anangozungulira kuseri kwa kalasi.

Kenako anati: “Amene muonereyu si sewero ayi. Si uja wa ndewu wa ku vidiyo, womasuliridwa ndi DJ. Munthu muone apayu ndi weniweni, nyumba ndi yake, mavuto ndi ake, ndipo anavomera yekha kuti ajambulidwe.”

Kanema wa mtundu umenewu, wojambula moyo weniweni wa anthu, ndi amene pachingerezi amati documentary. Wa usiku umenewo anali wa mtsikana wa m'boma lina, wobadwa ndi kachilombo ka HIV. Amalankhula Chichewa chathu chomwechi, atakhala pakhonde akusenda chinangwa. Anafotokoza mmene anamuuzira ali sitandade 6, mmene ku sekondale yogonera komweko ankabisira botolo la mankhwala m'sokosi kuti lisamachite phokoso, ndi mmene tsiku lina anangoti basi, ndatopa, n'kusiya kumwa.

Pofika pomwe mayi ake amafotokoza za usiku womwe anathamangira naye kuchipatala pa njinga, jenereta inatsokomola kawiri, thii! Mdima. Bwalo lonse linabuula. Ndinkayesa anthu ayamba kumwazikana, koma palibe anasuntha. Mumdimamo ndinamva mayi wina akunong'ona, “Ambuye, ameneyu asamwalire.” Amamupempherera munthu wa pachinsalu ngati mwana wa mnansi wake.

Jenereta italiranso, tinaona kuti mtsikanayo anachira, anayambiranso mankhwala, ndipo pano amasoka zovala. Kanema yense sanakwane ndi mphindi 30 zomwe.

“Ndi pati pomwe pakugwirani mtima?”

Ndinayamba kukutumula chitenje kuti tizipita. Mng'ono wanga anandikoka kuti ndikhale pansi. Anayatsa babu limodzi lomwe anapachika pamtengo, ndipo wotsogolera uja anaima pakati. Sanafunse kuti mwaphunzirapo chiyani, funso lija la kusukulu lomwe aliyense amadziwa yankho lake loloweza. Anafunsa kuti, “Ndi pati pomwe pakugwirani mtima?” Atatero anangokhala chete, kudikira.

Chetecho chinatalika mpaka ine ndinayamba kumumvera chisoni. Mapeto ake bambo wina anadzuka n'kunena kuti ana a masiku ano ndi osayamika: mankhwala aulere, chipatala chilipo, kusiya kumwa chifukwa chiyani? Anakumbutsa anthu za zaka zija maliro ankachitika mowirikiza mpaka makasu okumbira manda osapuma. Ambiri anavomereza.

Mayi wina wobereka mwana kumbuyo anayankha ali chikhalire. Anati iwo chawapweteka ndi sokosi ija. Mwana kubisa mankhwala opulumutsa moyo wake ngati wabisa chamba, ndiye kuti wolakwa ndani, mwanayo kapena pakamwa pa anthu omuzungulira? Apa phokoso linabuka. Mphunzitsi wina anavomera kuti ana ena akapempha kupita kuchipatala, anzawo m'kalasi amayamba kutsokomola mwadala, ndipo iye wakhala akungozisiya. Mnyamata wina wa kumbuyo kuja, osadzionetsa nkhope, anaponya funso: munthu ungakwatire mtsikana ngati ameneyu iwe osatenga?

Anzake anaseka, koma alangizi a zaumoyo sanaseke. Anafotokoza kuti munthu akamamwa ma ARV tsiku ndi tsiku, tizilombo timachepa m'magazi mpaka makina oyezera osationa, ndipo zikakhala choncho sapatsira mnzake pogonana, komanso akhoza kubereka ana opanda kachilombo. Anatinso akasiya, tizilombo timachulukananso, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo kudumphadumpha kumwa kungachititse kuti mankhwalawo asiye kugwira ntchito. Kumbuyo kuja kunati zii.

Chomwe ndinaona n'chakuti kwa ola lathunthu palibe anatchulapo dzina la munthu wa m'mudzimo. Aliyense ankati “mtsikana wa mukanemayu”, “mayi ake a mtsikanayu”. Koma tonse tinkadziwa kuti nkhani ikukambidwa pano ndi ya mabanja omwe akhala pabwalo lomweli. Ife kuphiphiritsa tinakuzolowera: kuchinamwali, m'nthano, m'nyimbo za pamtondo, mayi amadandaula za mwamuna wake popanda kumutchula. Kanema uja anagwira ntchito yomweyo. Anatibwereka munthu woti tiloze chala, tikwiye naye, timulirire, popanda wina kuchita manyazi.

Pobwerera kunyumba

Tinanyamuka cha m'ma 9 koloko. Mwezi kunalibe, ndinayatsa tochi ya pafoni. Titadutsa pamjigo, anthu ena atapatukira kwawo, mng'ono wanga anati, “Achemwali, tazimitsani kaye tochiyo.”

Ndinazimitsa.

“Ine ndinasiya kumwa mu Meyi.”

Zoti mayi aang'ono amamwa ma ARV ndinkadziwa. Ndi chinsinsi chija aliyense pabanja amachidziwa koma palibe amachitchula. Za mwana wawo sindinkadziwa. Zaka 17, mwana yemwe ndinkamubereka kumbuyo, yemwe ndimamutumizira bandulo mwezi ndi mwezi, ndipo sindinkadziwa. Iye anabadwa chisanafike chaka cha 2011, pomwe dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, njira yomwe maiko ena anadzatengera kuno. Kunangotsala zaka zochepa chabe.

Mawu oyamba kufika pakamwa panga anali a bambo aja: wasiya chifukwa chiyani, wapenga? Ndinawameza. Ndikanapanda kukhala pabwalo paja ola lathunthu, ndikudziwa ndikanawalankhula, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. M'malo mwake ndinabwereka funso la wotsogolera uja, ndinamufunsa chomwe chimamupweteka kwambiri.

Anati mnzake wa m'kalasi anamuona kuchipatala Loweruka lina, tsiku lomwe achinyamata omwa mankhwala amakumana pa teen club, ndipo pofika Lolemba nkhani inali ponseponse. Anatinso watopa kulipira mlandu womwe sanapalamule. Usiku uliwonse amatenga piritsi limodzi m'botolo, kupita kuchimbudzi, kuliponya m'dzenje, kuti mayi ake akamayang'ana botolo aziona likutsika.

Ndinamufunsa ngati ankadziwa zomwe kanemayo akamba. Anati eya, mnzake wa m'gulu lija anamuuza. Nkhani yoti mayi sangamulole kuyenda usiku inali yongopeka. Ankafuna ine ndione kaye, kuti iye asayambire pachiyambi kufotokoza.

Tinakhala pamwala m'mbali mwa njira mpaka kuzizira kunatilowa m'mafupa. Sindinamulonjeze zambiri. Ndinangoti Lolemba sindipita kuntchito, tipitira limodzi kuchipatala, ndipo zowauza mayi ake asankha yekha tsiku.

Anganga ndi galimoto ya kanema

M'mawa mwake, tikudya makata pakhonde, ndinawafunsa anganga chifukwa chomwe sanapitire kukaonera. Anati iwo kanema wa pabwalo anamuonera kalekale ine ndisanalotedwe n'komwe. Nthawi ya Kamuzu kunkabwera galimoto ya boma ya zofalitsa nkhani, yokhala ndi chimkuzamawu padenga. Inkaonetsa Ngwazi ikuyendera minda, amayi akuvina, alangizi akuphunzitsa kuthira feteleza. “Ukatha, ankapinda chinsalu chawo n'kumapita. Kufunsa funso? Ufunse ndani, mdzukulu wanga?”

Kumbukirani kuti wailesi ya kanema ya dziko lino inatsegulidwa mu 1999. Chisanafike chaka chimenecho, kwa anthu ambiri akumudzi kanema anali yemweyo wa pagalimoto. Ndipo mbiri yake ndi yakale kuposa anganga. Pakati pa 1935 ndi 1937, azungu a ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment anayenda ndi lole yonyamula purojekita m'maiko a chigawo chino, kuphatikizapo Nyasaland, kuonetsa mafilimu ophunzitsa zaulimi, zaukhondo ndi kusunga ndalama. Kuyambira 1948, Central African Film Unit ya ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, inapitiriza ntchitoyo m'maiko atatu: Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja. Mwa mafilimu amenewo munkakhala munthu wanzeru womvera malangizo a boma ndi munthu wopusa wokakamira zakale, ndipo woonera ankayenera kudziwa yekha mbali yoti atsate.

Ndiye chinsalu pabwalo si chachilendo. Chachilendo ndi babu lija loyatsidwa kanema atatha, ndi munthu woima pakati kufunsa funso lomwe iye mwini alibe yankho lake.

Njira imeneyi ili ndi eni ake omwe anaikulitsa. Bungwe la STEPS la ku Cape Town linatulutsa mu 2001 mafilimu oposa 30 a moyo wa anthu okhala ndi HIV kummwera kwa Africa, pansi pa dzina loti Steps for the Future. Sanangowapereka ku ma TV ayi. Anawamasulira m'zinenero za anthu, kuwanyamula pagalimoto kupita nawo kumidzi, kusukulu ndi kumatchalitchi, ndipo kawirikawiri anthu a m'mafilimuwo ankapita nawo limodzi kukayankha mafunso pamaso. Sunshine Cinema, yochokeranso ku South Africa, imaphunzitsa achinyamata kuonetsa makanema ndi kabokosi koyendera mphamvu ya dzuwa kotchedwa SunBox, ndipo ntchito yawo inafikanso kuno ku Malawi. Onsewa mfundo yawo ndi imodzi: woonetsa kanema asachoke anthu asanalankhule.

Boma lojambulidwa kawirikawiri

Chiradzulu ndi boma laling'ono, la anthu oposa 350,000 malinga ndi kalembera wa 2018, koma makamera amalidziwa bwino. Kuno ndi kwa John Chilembwe, yemwe anakhazikitsa PIM ku Mbombwe mu 1900. Kuno ndi komwe madokotala a Médecins Sans Frontières anayamba kupereka ma ARV aulere pachipatala cha boma mu 2001, zaka zitatu boma lisanayambe kuwapereka m'dziko lonse mu 2004. Nthawi imeneyo akuluakulu ena kunja ankati anthu osauka a kumidzi ya mu Africa sangakwanitse kumwa mankhwalawa mwandondomeko. Anthu a ku Chiradzulu ndi ena mwa omwe anatsutsa bodza limenelo ndi matupi awo. Mayi aang'ono ali moyo lero chifukwa cha mbiri imeneyo.

Kunonso, m'dera la mfumu yaikulu Chitera, atsikana mothandizidwa ndi bungwe la Girls Empowerment Network anakakamiza mafumu kukhazikitsa malamulo a m'midzi oletsa kukwatiwitsa ana. Mmodzi mwa atsikanawo ndi Memory Banda, yemwe mu 2015 anakaima pa nsanja ya TED ku America n'kufotokoza za mng'ono wake amene anatenga mimba ali ndi zaka 11 atachokera kuchinamwali. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Nkhondo ya atsikana amenewa inajambulidwa mu kanema wamfupi wotchedwa Lifting Our Voices.

Ine kanema ameneyu ndi zokamba za Memory Banda ndinaonera ndili ku koleji, pa Wi-Fi ya kulaibulale, m'Chingerezi. Nditawafunsa anganga ndi mayi aang'ono ngati anazionapo, onse anapukusa mutu. Nkhani ya boma lawo lomwe, anthu a ku London ndi New York anaombera m'manja, eni ake osaiona.

Anganga ali ndi dandaulo lawonso. Chaka china kunabwera anthu ndi makamera, kuwajambula akulima, akuphika, kuwafunsa za njala, kuwauza kuti abwereze kusenza mtolo wa nkhuni katatu kuti chithunzi chikongole. Anawalonjeza kuti adzabwera kudzawaonetsa. Mpaka lero akudikirabe. Ndipo tonse tikukumbuka Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa mfumu yaikulu Likoswe. Zithunzi za anthu akulira ndi za matupi a abale awo zinayenda pa WhatsApp m'maola ochepa. Ambiri mwa ife tinazitumiza kwa ena. Ndani anawapempha chilolezo anthu aja?

N'chifukwa chake kubweza kanema kwa eni nkhani ndimakuona ngati kubweza ngongole. Koma ngongoleyo ili ndi kabwezedwe kake.

Pomwe zingalakwike

Achinyamata aja anandiuza kuti anasankha dala kanema wa munthu wa kutali. Poyamba ena m'gululo ankafuna kujambula ndi foni anthu a m'mudzi momwemo, koma anaona kuti pachinsalu pakaoneka nkhope ya mnansi, anthu sakambanso nkhani, amakamba munthu. Mlendo wojambula amakwera galimoto n'kupita, wojambulidwayo mawa akatunga madzi pamjigo womwewo. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za kachilombo ka munthu popanda chilolezo chake, ndiponso kumusala. Kuvomera kujambulidwa si kuvomera kuonetsedwa pabwalo la kwanu. Zimenezi ndi zilolezo ziwiri, ndipo chilichonse chimapemphedwa pachokha.

Vuto lina ndi kutsegula chilonda n'kuchisiya. Kanema wa nkhanza za m'banja, wa kugwiriridwa kapena wa kudzipha amadzutsa zinthu zomwe munthu anazikwirira zaka zambiri. Ngati pabwalopo palibe mlangizi wa zaumoyo, wa zachitetezo cha ana kapena wina wodziwa kothamangira, ndiye kuti mwangomuvula munthu bandeji n'kumusiya panja. Mng'ono wanga anali ndi ine usiku umenewo. Ndimadzifunsa kuti ndi angati anabwerera kunyumba ndi mtolo womwewo popanda wowaperekeza.

Palinso nkhani ya amene amalankhula. Pabwalo paja abambo ndi omwe anayamba, amayi anatsatira, ndipo palibe mtsikana ngakhale mmodzi wa msinkhu wa mng'ono wanga anatsegula pakamwa pamaso pa amfumu ndi makolo. Okonzawo anavomera kuti apa anaphonya. Akuti ulendo wina adzayamba agawa anthu m'magulu, atsikana paokha, anyamata paokha, kenako n'kudzakumana pamodzi.

Nanga si tili ndi mafoni?

Funso limeneli ndinali nalo inenso. Makanema abwino a anthu a ku Malawi alipo. William and the Windmill wa 2013 amatsata William Kamkwamba wa ku Kasungu, uja anapanga magetsi a mphepo. Lazarus wa 2019 ndi wa woimba Lazarus Chigwandali ndi nkhanza zomwe anthu achialubino amakumana nazo. The Ants and the Grasshopper wa 2021 amatsata Anita Chitaya, mlimi wa kufupi ndi Ekwendeni, yemwe anapita ku America kukawafunsa anthu a kumeneko maso ndi maso za kusintha kwa nyengo, ndipo amaonetsanso nkhani ya abambo kugwira nawo ntchito za pakhomo. Wokhala ndi bandulo akhoza kusaka zina mwa zimenezi ali gone pabedi.

Koma taganizirani mmene timaonera pafoni. Uli wekha, zomvetsera zili m'makutu. Chikakukhudza umaika kamtima, mwina kulemba “so sad”, chala n'kukankhira mmwamba, kwabwera wina akuvina. Mng'ono wanga ali ndi foni. Mauthenga a ma ARV anawaona kambirimbiri pa Facebook, ndipo zonse zomwe alangizi aja ananena ankazidziwa kale. Chomwe ankasowa si uthenga. Ankafuna kumva ndi makutu ake mayi wa m'mudzi mwake akunena pagulu kuti wolakwa si mwanayo. Ankafuna kuona nkhope yanga ndikuonera, kuti adziwe ngati ndine woti angandiuze.

Ngati mukufuna kuyesa kwanu

Simufunika bungwe lalikulu. Kwa omwe mumapita kumudzi pa Khirisimasi kapena muli m'gulu la achinyamata kutchalitchi, kumzikiti kapena kumalo komwe mukukhala, nazi zomwe ndinatolapo.

Yambani ndi amfumu ndi akuluakulu a malowo, ndipo auzeni zoona za zomwe kanemayo akukamba. Muonereni nokha kaye mpaka kumapeto, muone ngati ndi woyenera ana. Sankhani wamfupi, wa m'chinenero chomwe anthu amamva. Akakhala wa Chingerezi, pezani womasulira wokhulupirika, osati wothira nthabwala pomwe munthu akulira.

Pemphani chilolezo kwa eni kanemayo. Ambiri opanga makanema otere amakondwa ntchito yawo ikafika kumudzi, koma afunseni. Dziwaninso kuti kuonetsa mafilimu pagulu kuli ndi malamulo ake: Censorship Board imagwira ntchito pansi pa lamulo la 1968, ndipo za umwini wa luso amayang'anira ndi a COSOMA. Kufunsa ku ofesi ya DC musanayambe kungakupulumutseni ku mavuto.

Nthawi yokambirana ikhale yotalika kuposa kanemayo. Wotsogolera asakhale mlaliki. Afunse, adikire, asaope chete, ndipo aletse kutchula maina a anthu. Pakhale munthu wodziwa za nkhaniyo woti akonze mabodza, ndipo musanabalalike nenani momveka komwe munthu angapeze thandizo mawa: chipatala chapafupi, ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, nambala yaulere ya ana ya 116, ya nkhanza ya 5600, kapena Chipatala Cha Pa Foni pa 929. Chomaliza, onetsetsani kuti mafuta a jenereta ndi okwanira.

Lolemba lija

Tinapitadi. Ndinanama kuntchito kuti ndadwala malungo. Namwino yemwe tinamupeza sanakalipe monga mng'ono wanga ankaopera. Anamufunsa mafunso, kumuyeza, kumuyambitsanso mankhwala, n'kumupatsa tsiku loti adzayezetse kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Anamuuza kuti si iye woyamba kusiya, ndipo chachikulu n'chakuti wabwera ndi miyendo yake, osati pamachira.

Sindinganene kuti zonse zili bwino tsopano. Mayi ake anawauza patatha milungu iwiri, ndipo kunali kulira ndi kukalipirana kusanabwere kumvana. Kusukulu akunong'onabe. Pali mnyamata wina yemwe amamufuna, ndipo sanaganize ngati amuuze kapena ayi. Masiku ena amandiyankha pa WhatsApp ndi liwu limodzi lokha. Koma 8 koloko iliyonse usiku foni yanga imalira, yakenso imalira, ndipo amanditumizira kachizindikiro ka chala chachikulu. Tsiku lomwe sanatumize, ndimaimba.

Achinyamata aja akuti mvula isanagwe adzaonetsanso wina, wa abambo ndi ngongole, poti nkhani za amuna odzipha zachuluka m'manyuzipepala ndipo pamaliro anthu amangonong'onezana. Ndawalonjeza malita awiri a petulo. Anganga akuti ulendo uno apita, akaone ngati n'zoona kuti masiku ano munthu umaloledwa kuyankha kanema. Andiuza kuti ndidzafike msanga ndidzawanyamulire mpando.